Tenga Luzi Uyeze Wekha

Mdzukulu wanga, amayi ako akuti masamu a zinthu zozungulira akukuzunguza mutu pomwe mayeso a Sitandade 8 ayandikira. Khala pamphasa apa. Vuto lako ndaliona: ukuloweza 2πr ndi πr² ngati nyimbo ya kwaya, ndiye tsiku la mayeso ziwirizi zidzasinthana malo m'mutu mwako iwe osadziwa.

Yamba ndi manja. Tenga luzi, ulizungulize pakamwa pa ndowa, udule. Kenako uliyale podutsa pakati penipeni pa ndowayo, kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete mwina. Likwana katatu, n'kutsala kachidutswa. Yesa pa lichero, pa mbale, pa chivundikiro cha poto: katatu ndi kachidutswa basi. Nambala imeneyo ndiye pi (π), imene aphunzitsi amalemba 3.14 kapena 22/7. Luzi lozungulira lija ndi circumference, mzere wodutsa pakati ndi diameter, theka lake ndi radius. Woluka nkhokwe yotambalala mamita 2 amadziwa kale kuti mzere umodzi wa khoma udya nsungwi yoposa mamita 6, chonsecho choko sanachigwirepo.

Koma 22/7 si pi yeniyeni, yapitirirako pang'ono. Archimedes wa ku Syracuse, amene anaphedwa mu 212 BC, anajambula zinthu za mbali 96 mkati ndi kunja kwa bwalo lozungulira, napeza kuti pi ili pakati pa 223/71 ndi 22/7. Manambala a pi satha, ndiye iwe gwiritsa ntchito imene funso lakuuza. Ukaona radius ya 7, 14 kapena 21, dziwa kuti wolemba funso wakukonzera 22/7 kuti ma 7 adyane.

Gudumu la njinga ya atate ako ndi lotambalala pafupifupi masentimita 70. Chulukitsa ndi 22/7, upeza 220. Likazungulira kamodzi, njinga yayenda mamita 2.2.

Tsopano tchera khutu, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwera. Mangirira mbuzi pachikhomo ndi chingwe cha mamita 7. Ikakoka chingwe mpaka kuthina n'kuyenda mozungulira kubwerera pomwe inayambira, yayenda mamita 44. Imeneyo ndi njira ya m'mphepete chabe. Koma mbuzi sidya m'mphepete mokha, imadya udzu wonse wa mkati, ndipo umenewo ndiwo area: 22/7 × 7 × 7, mamita 154 a sikweya. Lumikiza chingwe chifike mamita 14. Njira ya m'mphepete ifika 88, kuwirikiza kawiri. Nanga udzu? Ambiri amafulumira kunena kuti kawirinso. Ayi ndithu, ndi 616, kuwirikiza kanayi, chifukwa radius ija yachulukitsidwa ndi iyo yomwe. N'chifukwa chake wowonjezera chingwe mosaganiza amakapezeka kwa amfumu, mbuzi itadya chimanga cha eni.

Ukafuna kudziwa komwe πr² yachokera, dula pepala lozungulira tizidutswa 16 tosongoka, tonse tokumana pakati. Tindandalike moyandikana, kena nsonga kumwamba, kotsatira nsonga pansi. Chituluka chinthu chofanana ndi rectangle, m'litali mwake theka la circumference, ndiye kuti πr, m'lifupi mwake r. Chulukitsa ziwirizo. Ine ndimaona kuti phunziro limeneli likadayamba ndi lumo ndi pepala, bwenzi ana ambiri asakulira nalo.

M'chipinda cha mayeso usathamange. Dzifunse kaye ngati akufuna njira ya mbuzi kapena udzu wake. Akakupatsa diameter pomwe akufuna area, igawe pawiri usanachite china chilichonse. Ndipo 7² ndi 49, osati 14. Kanambala kakang'ono ka pamwambako kadya malikisi a ana anzeru kuposa iwe. Yankho la circumference limathera ndi cm, la area ndi cm². Ndowa ija ili kuseri kwa khitchini, luzi ukasenda pa khonje wa kumpanda.