Chingwe M'khosi mwa Galu

Galu wa kuno kwa Kasakula sachita kutengedwa paulendo, amadzitenga yekha. Ukatseka chitseko n'kulowera kumsika kapena kumaliro, umangomuona ali kale kutsogolo, mchira uli m'mwamba. Amatsetserekera kukhwawa kukamwa madzi, amagona pang'ono pansi pa msuku, kenako n'kudzakupeza pamwamba pa chitunda. Za ludzu ndi kutopa amadzionera yekha.

Zimasintha ukamumanga chingwe kapena kumukweza chokwera. Ndakhala ndikuziganizira zimenezi poona anthu akusamuka ndi agalu awo, wina wa ku Mponela, wina kukapereka kagalu kwa mwana wake ku Lilongwe kuti kazikalondera pakhomo. Chingwe chikangolowa m'khosi, zonse zimene galu ankadzichitira zimakhala zako. Sangapatukenso kukamwa madzi. Dothi la mu Okutobala likamamuwotcha kumapazi sangathawire pamsipu, ndipo iwe suzimva chifukwa wavala nsapato.

Galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife. Kutentha amakuchotsa ndi wefuwefu uja, lilime lili panja. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona galu pamatola atamumanga pakamwa ndi mphira kuti asalume anthu, kapena kagalu atakaponya m'thumba la feteleza n'kulimanga kukamwa pakaliyala ya njinga. Mwini wake si wankhanza ayi, akungofuna kufika popanda mlandu. Koma watseka njira yomwe chiweto chimaziziritsira thupi, dzuwa lili paliwombo. Dengu loluka motalikitsa ngati la nkhuku, kapena katoni yoboolaboola yoyalamo chisanza cha fungo la pakhomo, n'zokwanira kagalu. Wamkulu amafuna chingwe chachifupi chosathina pochikoka, ndipo akhale pakati pa miyendo ya mwini wake. Ukamumangirira m'mbali mwa galimoto ndi chingwe chachitali, akadzidzimuka n'kulumpha amatsala akulendewera. Nsima yambiri asananyamuke ayi, misewu yathu yokhotakhotayi imamusanzitsa. Madzi ndiwo osaiwala, ndi kambale kake. Ndipo kulawirira m'mamawa kumathetsa zambiri.

Komabe chimene chimandikhalitsa chete kwambiri si galuyo, ndi midzi imene timadutsamo. Mwana amene akusewera m'mbali mwa njira sadziwa kuti galu wangayu ndi wofatsa kapena ayi, wobayitsa katemera wa chiwewe kapena wosabayitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osafika zaka 15. Ku Blantyre, kuyambira 2015, a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera pofuna kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, poti pamenepo ndi pamene matendawa amasowa podumphira. Ngakhale tsiku la 28 Seputembala, limene anamwalira Louis Pasteur yemwe anapanga katemera woyamba wa chiwewe, linapatulidwa kuti tizikumbutsana zimenezi.

Choncho kapepala kamene alangizi a ziweto amapereka akabaya galu sindikaona ngati kongoonetsa parodibuloko. Ndimakasungira mayi amene sindikumudziwa, amene mwana wake angakandidwe ndi dzino pamene tikudikira galimoto pa Ntchisi boma. Tsiku limenelo mawu akuti "saluma ameneyu" sathandiza kanthu. Chothandiza ndi kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ndi kuonetsa kuti galuyo anabayidwa liti. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu, mankhwala ake palibe.

Kulinso malo amene chingwe chomwecho chimapulumutsa galu. M'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, galu wosamanga akamva fungo la gwape samvanso dzina lake. Amatha kugwa mumsampha wa waya, kapena kukumana ndi nyani wamphongo amene amang'amba galu mosavuta. Akabwera bwinobwino, amabwera ndi nkhupakupa m'makutu. Amati galu wamkota sakandira pachabe, koma wachinyamata amakanda paliponse, ndi m'dzenje la njoka momwe.

Maulendo ena ndimangomusiya. Pakabaza wa njinga yamoto sindimukweza, ngakhale woyendetsa atalola. Galu wokalamba, woyamwitsa kapena amene wayamba kukana chakudya alibenso chifukwa chokwerera mapiri. Chovuta pamenepo n'chakuti amanditsatirabe, ndiye pamafunika munthu womugwira mpaka nditapitirira dambo, ndi womukumbukira madzulo pogawa nkhoko. Munthu ameneyo ndimayamba kumufunafuna ndisanafunse n'komwe mtengo wa matola.