TOLANI ZOTSALA: MADZI NDI MAGETSI PAKHOMO LA MKHRISTU

Kuwerenga: Yohane 6:1-13



Pamisonkhano yathu, ikafika nthawi yotchula zopempherera, tinazolowera kumva za matenda, maliro ndi ana amene akulemba mayeso. Masiku ano pawonjezeka zina. Wina akuti amudulira madzi. Wina akuti mayunitsi a magetsi amuthera mwezi usanafike pakati. Wina akuti kunyumba sakuyankhulana ndi bambo chifukwa cha bilu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya pakhomo siyikufika pamene inkafika kale. Kupemphera tipemphere ndithu, koma Mawu a lero akutipatsanso ntchito ya manja.

Nkhani ya Yesu kudyetsa anthu 5,000 ndi mikate isanu ndi nsomba ziwiri tinaiphunzira ku Sande Sukulu. Kawirikawiri timathera pa chozizwitsacho, osafika pa ndime 12 ndi 13. Anthu atakhuta, Ambuye anatuma ophunzira awo kukatola zotsala zonse, ndipo zinadzaza mitanga 12. Taganizani, amayi. Iye amene akanatha kuchulukitsanso mkate mawa lake sanalole kuti nyenyeswa zitsale paudzu. Komanso tione ndondomeko yake: poyamba anthu anadya mpaka kukhuta, kutola kunabwera pambuyo. Choncho kusamala kumene tikunena pano si kuumira ayi. Si kumana ana madzi osamba kapena kuwerengera apongozi makapu a tiyi. Ndi kutseka njira zimene mphatso ya Mulungu ikutayikira popanda wothandizika nayo.

Ife a mpingo wa Anglican timaziona zimenezi Misa iliyonse. Tikatha kulandira, wansembe sataya zotsala. Amatsuka chikho ndi madzi pang'ono, n'kumwa, n'kupukuta mosamala. Ndipo mwa zizindikiro zisanu za utumwi wa mpingo wathu pa dziko lonse, chachisanu, chimene chinawonjezedwa mu 1990, ndi kuteteza chilengedwe cha Mulungu. Utumwi umenewu kwa ife amayi umayambira kukhitchini ndi kubafa.

Kodi madzi a pampopi amachokera kuti? Ambiri mwa amene timamwa mu Blantyre amapopedwa mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwezedwa chitunda cha mamita pafupifupi 800 ndi makina oyendera magetsi. Magetsiwo nawo ambiri amapangidwa pa Shire pomwepo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tikukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Mpopi wodontha ndiye kuti ukutaya zinthu ziwiri nthawi imodzi, madzi ndi magetsi. Akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka.

Tiyeni tsono titole zotsala m'nyumba zathu, mtanga ndi mtanga.

Mtanga woyamba ndi wa madzi. Pa bilu yathu amawerenga ma kiyubiki mita. Imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Usiku wa lero, musanagone, tsekani mipopi yonse, lembani nambala ya pa mita, ndipo m'mawa muionenso munthu asanatunge. Ikakhala kuti yasuntha, penapake pakudontha, mwina paipi ya pansi, mwina thanki ya chimbudzi imene imangolira chamumtima usiku wonse. Pansi pa mpopi wodontha tcherani ndowa, m'mawa mudzaona nokha zimene mwakhala mukulipira. Nthawi zambiri chofunika ndi kalabala kakang'ono ka mkati mwa mpopi, kotsika mtengo kuposa bilu ya mwezi umodzi. Potsuka mbale tigwiritse mabeseni awiri, osati mpopi uli chitsegulire. Madzi otsukuluzira zovala akolope m'nyumba kapena athiridwe kuchimbudzi. Mvula ikamagwa titchere migolo, koma tiivundikire kuti udzudzu usaswane.

Mtanga wachiwiri ndi wa magetsi. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola 10 usiku uliwonse limadya mayunitsi 18 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9, lowala chimodzimodzi, silifika ndi mayunitsi atatu omwe. Koma zodya kwambiri ndi zimene zimatenthetsa: kuka, giza, ketulo ndi ayironi. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yuniti yathunthu pa theka la ola. Tiwiritse madzi okwanira kamodzi, otsala tisunge mu fulasiki. Zovala tizisite pamodzi tsiku limodzi, osati malaya amodzi m'mawa uliwonse. Giza isakhale chiyakire tsiku lonse pamene anthu ali kuntchito ndi kusukulu. Wina anganene moseka kuti mayi wangwiro wa pa Miyambo 31 nyale yake imayaka mpaka usiku. Inde, koma imayaka chifukwa mwini wake ali pantchito, osati chifukwa waiwala kuzimitsa.

Mtanga wachitatu ndi wa moto. Anzathu akumudzi alibe mita, koma bilu yawo amailipira ndi msana, potunga pamjigo ndi posenza nkhuni zimene zikunka zitalikira. M'tauni thumba la makala nalo likulira ndalama zambiri. Nyemba tiziviike usiku, zimapsa msanga. Mphika ukhale ndi chivundikiro. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa. Mpunga kapena nyemba zikawira bwinobwino, tingathe kuphula mphika, kuukulunga ndi nsalu zochindikala, n'kuuika m'dengu lovundikira kuti zimalize kupsa ndi kutentha kwake komwe. Mtengo uliwonse wosadulidwa umagwira dothi kuti lisakokolokere mu Shire, kumene matope ndi zinyalala zimasokoneza makina a magetsi.

Tsopano chenjezo, kuchokera kwa ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino. Pali zinthu zimene sitiyenera kuchepetsa ngakhale bilu itakwera chotani. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi osamba m'manja ndi sopo, pochoka kuchimbudzi, posintha mwana thewera ndiponso tisanagwire chakudya, amenewo si otaya, ndi oteteza moyo. Madzi akumwa okayikitsa tiwawiritse kapena tithiremo mankhwala a klorini. Filiji imene muli nyama kapena jakisoni wa odwala shuga isazimitsidwe usiku pofuna kupulumutsa mayunitsi. Ndipo nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, chonde amayi, tisalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka mazenera kuti tiwothe tikugona. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzukanso. M'chipatala tinalandirapo mabanja otero, ena mochedwa. Ndalama yopulumutsidwa pa sopo n'kukathera ku mankhwala kapena ku bokosi si kusamala kumene Ambuye anatiphunzitsa.

Kutola zotsala Yesu sanatume munthu mmodzi, anatuma ophunzira onse. Ifenso tisakhale apolisi a pakhomo, okalipira ana ndi otithandiza ntchito pa babu lililonse. Tikhale nawo pansi pamodzi ndi abambo, tiwaonetse bilu, tiwafotokozere kuti ndalama imene yapulumuka ndi ya makope, ya ndiwo, ya chopereka. Mwana mmodzi apatsidwe udindo wolemba nambala ya pa mita Loweruka lililonse. Tionenso mipopi ndi mababu a kutchalitchi ndi kuholo ya parishi, pakuti bilu ya kumeneko imalipiridwa ndi chopereka chathu chomwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tikupempha nthambi iliyonse kuti mwezi uno mayi aliyense asunge bilu yake kapena malisiti a mayunitsi, ayese zinthu zitatu mwa zimene tatchulazi, ndipo pamsonkhano wotsatira tidzafanizire pamodzi. Pa zimene zidzapulumuke, tikumbukire mayi wamasiye kapena wokalamba wa m'dera lathu amene amudulira madzi.

Tipemphere: Atate wachifundo, Inu amene mumatumiza mvula pa mapiri ndi kudzaza mitsinje yathu, tikhululukireni pamene tataya mphatso zanu mosalabadira. Tipatseni maso oona zimene zikuwonongeka m'nyumba zathu, manja osamala, ndi mtima wosaumira kwa osowa. Dalitsani mabanja athu ndi mtendere. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.