Funso Losapezeka pa Mayeso: Kodi Munthu N'chiyani?

Chigwa cha Domasi chakhala chikusula aphunzitsi kwa zaka zambiri. Mu 1884 Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni pano, m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa. Mu 1929 boma lidatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira za sukulu, za ukhondo ndi za ulimi. Bungwe la Malawi Institute of Education, limene limakonza zimene ana a dziko lino amaphunzira, lidayamba ntchito yake pano mu 1982, ndipo kuyambira mu 1993 Domasi College of Education yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a sukulu za sekondale. Tingathe kunena kuti zambiri zolowa m'mutu mwa mwana wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa zimayamba zadzera m'chigwa chino, monga momwe madzi a mtsinje wa Domasi amadzera muno asanakafike ku nyanja ya Chilwa.

N'chifukwa chake nkoyenera kuti funso lathu tilifunsire pano. Mwana wa Fomu 3 amadziwa kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, amadziwa kayendedwe ka magazi ndi kagayidwe ka chakudya. Koma titamufunsa kuti, "Nanga mwini wake wa mtima umenewu ndani? Munthu n'chiyani?" kodi angatiyankhe bwanji? Funso limeneli ndilo phata la maphunziro otchedwa filosofi ya munthu. Kwathu kuno maphunzirowa akhala akupezeka ku seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji, imene idatsegulidwa mu 1939, ndi ku yunivesite ya ku Zomba. Ku sekondale kulibe phunziro lapadera la dzina limeneli, ndipo ana athu ambiri sapitirira Fomu 4. Kotero amalowa m'banja, m'malonda ndi m'ndale asanakhale pansi n'kulingalira mofatsa za chimene iwo ali ndi chimene anzawo ali.

Tisaganize kuti mwana wosaphunzitsidwa za funsoli amakhala wopanda yankho. Yankho amalitola yekha pa zimene akuona. Akaona kuti wopeza mapointi 6 pa mayeso a MSCE akumunyamula m'manja, pamene wolephera akulowa m'mudzi usiku chifukwa cha manyazi, amaphunzira kuti munthu ndi mapointi. Akaona kuti wobwera pa galimoto akumupatsa mpando pa maliro, pamene agogo obwera wapansi akukhala padothi, amaphunzira kuti munthu ndi ndalama. Phunziro lotere lilibe mphunzitsi ndiponso lilibe buku, koma limalowa mozama kuposa maphunziro onse a m'kalasi.

Chomwe chimatilimbitsa mtima n'chakuti mphunzitsi wa ku Malawi sayambira pa nthaka youma. Chinenero chathu chomwe chili ndi filosofi yake. Mawu akuti "munthu" timawagwiritsa ntchito m'njira ziwiri. Khanda likabadwa timati kwabadwa munthu, ngakhale lisanachite kanthu kabwino kapena koipa. Koma tikaona wina wolemera akumana amayi ake omubala chakudya, timati, "Ameneyu si munthu." Sitikutanthauza kuti wasanduka nyama, tikunena kuti alibe umunthu. Makolo athu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, pofuna kuonetsa kuti umunthu umakula pakati pa anthu anzathu. Akatswiri a kuno kwathu, monga Didier Kaphagawani amene ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College, ndi Augustine Musopole, adalemba mozama za nkhani imeneyi.

Apa ndi pamene pagona phunziro loyamba limene mwana aliyense wa ku sekondale ayenera kulimvetsa. Pali umunthu umene timaukulitsa ndi makhalidwe athu, umene ungathe kuchepa kapena kuchuluka. Palinso ulemu umene munthu amabadwa nawo, umene sukula ndi maphunziro ndipo suchepa ndi umphawi, matenda, ukalamba kapena uchimo. Wa ku ndende ya Domasi angakhale atataya umunthu wa makhalidwe, koma ulemu wobadwa nawo akadali nawo wonse. Tikasokoneza ziwirizi timagwa m'dzenje loopsa, pakuti mawu akuti "si munthu" akachoka pa kudzudzula khalidwe n'kufika pa kuchotsa wina m'gulu la anthu, ndiye kuti chilichonse chingathe kumuchitikira popanda womulira.

Dera lathu lino likudziwa bwino kuopsa kwa zimenezi. Pamene mishoni ya Domasi inkayamba, malonda a akapolo anali asanathe m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa. Anthu ankasinthanitsidwa ndi nsalu, mfuti ndi onga. Tingaganize kuti zimenezo zidapita ndi nthawi yake. Koma kuyambira mu 2014 dziko lathu lidamva za kubedwa ndi kuphedwa kwa abale athu achialubino, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Mu 2018 mnyamata wina wachialubino adaphedwa m'boma la Machinga, loyandikana nafe. Mu 2022 bwalo lalikulu la milandu lidapeza anthu 12 olakwa, ena pa mlandu wakupha, ena pa mlandu wochita malonda a ziwalo za munthu. Pakati pawo panali mbale wake weniweni wa mnyamatayo, wapolisi, wogwira ntchito m'chipatala, ndiponso wansembe wa Mpingo wathu. Nkhaniyi ndi yowawa kwa ife Akatolika, koma kuibisa sikungatichiritse. Onsewo adayang'ana munthu n'kuona katundu.

Anthu anzeru a maiko ena adasinkhasinkhanso za funso lomweli, ndipo mphunzitsi angathe kuwaitana kuti akhale pa bwalo limodzi ndi makolo athu. Boethius, wa ku Rome, adaphunzitsa kuti munthu ndi cholengedwa choima pachokha chokhala ndi nzeru zolingalira. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adalimbikira kuti thupi ndi mzimu zimapanga munthu mmodzi, kotero kuti wonyoza thupi la mnzake wanyoza mwini wake yemwe. Immanuel Kant wa ku Germany, amene adamwalira mu 1804, adasiyanitsa zinthu zokhala ndi mtengo ndi zokhala ndi ulemu: chokhala ndi mtengo chingasinthidwe ndi chinzake, koma munthu alibe cholowa m'malo mwake, ndipo sayenera kusandutsidwa chida chabe chopezera zofuna za wina. Mayi aliyense amene adaikapo mwana m'manda amadziwa kale zimenezi: ngakhale atabereka ana ena asanu, malo a uja amakhalabe opanda munthu.

Chikhulupiriro chathu chimafika pa gwero la ulemu umenewu. Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo Mwana wa Mulungu adadzakhala munthu ngati ife. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Gaudium et Spes cha mu 1965, udaika nkhani ya ulemu wa munthu m'mutu woyamba. Maepiskopi athu nawonso, m'kalata yawo ya nyengo ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, adaimira pa maziko omwewa podzudzula zopondereza anthu, ndipo tonse tikudziwa kusintha kumene kudatsatira m'dziko muno.

Tikudziwa kuti makolo ena ali ndi nkhawa. Amati mwana wozolowera kufunsa mafunso adzayamba mwano, mwinanso adzasiya kupemphera. Nkhawa imeneyi ndi yakale. Socrates adaphedwa ku Athens m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe pa mlandu wakuti ankasocheretsa achinyamata ndi mafunso ake. Koma tikumbukire kuti Papa John Paul II, amene adatichezera kuno mu 1989, adali mphunzitsi wa filosofi ku Lublin asanakhale Papa, ndipo mu 1998 adalemba kalata ya Fides et Ratio yofotokoza kuti nzeru ndi chikhulupiriro zimathandizana pofunafuna choona. Ana athu akufunsa kale mafunso amenewa, ndipo lamya za m'manja mwawo zikuwayankha usana ndi usiku. Kuli bwino awafunse pamaso pa mphunzitsi wowakonda. Paja safunsa adadya phula.

Nkhawa ina ndi yolemera koposa. Wina angati, "Wansembe uja adaphunzira filosofi yomweyo zaka zingapo, nanga idamuthandiza chiyani?" Funsoli ndi loona, ndipo likutichenjeza kuti filosofi ya munthu ikasanduka mawu oloweza pofuna kukhoza mayeso, ndiye kuti yafa. Kudziwa chabwino ndi kuchichita ndi zinthu ziwiri, ndipo pakati pake pali ufulu wa munthu, umene palibe sukulu ingauchotse. Komabe sitileka kuphunzitsa za ukhondo chifukwa chakuti dokotala wina wadwala kolera. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti phunziroli liyenera kuyenda limodzi ndi zochita ndi pemphero.

Nanga lingaphunzitsidwe bwanji? Sitikupempha kuti pawonjezedwe mayeso ena pa msana wa ana olemedwa kale. Mphunzitsi wa Baibulo, wa Chichewa kapena wa sayansi angathe kupatula mphindi zochepa n'kufunsa mafunso ochokera m'moyo wa anawo. Chifukwa chiyani mudzi wonse umaleka ntchito pa maliro a munthu wosauka, pamene ng'ombe ya mtengo wapatali ikafa anthu amangogawana nyama? Kodi agogo amene aiwala maina a adzukulu awo achepa umunthu? Kodi mtsikana wokwatiwitsidwa ali wamng'ono kuti banja lipeze thumba la chimanga watengedwa ngati munthu kapena ngati chida? Mphunzitsi asafulumire kupereka yankho; awalole anawo atsutsane mwaulemu, aliyense apereke chifukwa cha maganizo ake. Pambuyo pake apite nawo kukatungira madzi nkhalamba kapena kukaona odwala, kuti zimene akamba m'kalasi azione ndi maso awo.

Koma sukulu yoyamba ya filosofi imeneyi ndi pakhomo pathu ndi m'miphakati yathu. Mwana amamva mmene timatchulira wolumala, mmene timalankhulira ndi wantchito, mmene timalandirira mlendo wa mtundu wina kapena wa chipembedzo china, makamaka m'chigwa chino mmene Akhristu ndi Asilamu amatunga pa chitsime chimodzi. Koposa zonse amaona nkhope zathu tsiku lotuluka zotsatira za mayeso. Ngati mwana walephera, tiyeni timudzudzule pa ulesi ngati udalipo, timuthandize kuyesanso kapena kuphunzira ntchito ya manja. Koma madzulo a tsiku lomwelo tikhale naye pa mphasa imodzi, tidye naye m'mbale imodzi, timuitane ndi dzina lake la ubatizo. Pamenepo adzadziwa kuti malo ake pakati pathu sadagulidwe ndi mapointi, ndipo akadzakula n'kukhala wapolisi, namwino, mphunzitsi kapena wansembe, adzakumbukira kuti mnzake amene waima patsogolo pake alibenso mtengo wogulira.