Kodi Chimasinthadi Munthu N'chiyani?



Chaka ndi chaka ikafika nyengo ya Lenti timalonjeza zambiri. Wina akuti asiya miseche, wina akuti aleka kukalipira ana amasiye amene akuwalera, wina akuti azidzuka m'mamawa kupemphera. Timalonjeza ndi mtima woona, sikuti timanama ayi. Koma pofika Pentekoste ambiri timapezeka tabwerera pomwe tinali, ngati moto wa mapesi umene umalilima msanga n'kuzima nkhali isanawire. Nanga bwanji ena akasintha amasinthiratu? Yankho lofulumira ndi lakuti obwererawo ndi ofooka m'chikhulupiriro. Ine yankho limeneli silindikhutiritsa, chifukwa ndaona amayi opemphera kwambiri akubwerera m'mbuyo, ndiponso ndaona anthu osadziwa n'komwe khomo la tchalitchi akugwiritsitsa chimene anatsimikiza mpaka imfa.

Pa ntchito ya unamwino funso limeneli limabwera tsiku lililonse, pakuti matenda ambiri satha ndi jekeseni imodzi. Tengani chifuwa chachikulu cha TB. Mankhwala ake amamwedwa miyezi 6. Koma munthu akamwa bwino masabata ochepa chabe, kutsokomola kumachepa, thukuta la usiku limaleka, nsima imayambanso kukoma. Msampha uli pamenepo. Thupi likumuuza kuti wachira pamene tizilombo tikadali m'mapapo. Akasiya, matenda amabwerera, ndipo nthawi zina amabwerera osamvanso mankhwala oyamba aja. BP nayo ili ndi chinyengo chake, chifukwa kawirikawiri siipweteka paliponse. Mayi akaona mnansi wake wafa ziwalo mbali imodzi ndi sitiroko, m'mawa mwake ali pamzere kukayezetsa. Mwezi woyamba saphonya piritsi, mchere m'ndiwo wachepa. Pofika mwezi wachitatu za mnansi uja zazilala m'mutima, botolo la mankhwala lili pansi pa chikwama, dzanja labwereranso m'chikopa cha mchere.

Amene anamutengera kuchipatala mayi ameneyu ndi mantha. Mantha ali ndi ntchito yake, sindikuwanyoza. Amadzutsa munthu amene anagona. Koma munthu sangakhale akunjenjemera miyezi 6, ndiye kuli bwanji moyo wonse? Mtima umazolowera. N'chimodzimodzi ndi manyazi. Mayi amene wasiya mowa chifukwa choopa kuti amayi a bungwe amuvula yunifomu, amasiya pamene maso athu akumuona. Akapita kumaliro kumudzi kwawo, kumene kulibe womudziwa wa mpingo, chomugwira dzanja palibe.

Pali nkhani imodzi ya m'dziko mwathu muno imene inanditsegula maso pa zimenezi. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ka HIV ayambe mankhwala nthawi yomweyo, ndipo azimwa moyo wake wonse. Mayiko ena anadzatengera kwa ife. Ana ambirimbiri anabadwa opanda kachilombo chifukwa cha ndondomeko imeneyi. Amayi ambiri ankamwa mokhulupirika kodabwitsa, ena mobisa, kuopa bambo akunyumba, ena akuyenda mtunda wautali ndi pakati pawo. Ukawafunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi: mwana. Apa panalibe kukakamiza. Mayi anali ndi cholinga chakechake, ndipo cholingacho chinkamudzutsa nthawi ya mankhwala ikakwana popanda namwino womukumbutsa.

Koma mwana uja akasiya bere, n'kuyezedwa komaliza, n'kupezeka kuti alibe kachilombo, amayi ena sankaonekanso kusikelo kapena kukatenga mankhwala. Sikuti anali opusa kapena osamvera. Cholinga chawo chinali choona, koma chinali ndi tsiku lothera. Ntchito imene ankamwera mankhwala inatha, ndipo panalibe amene anawathandiza kufunsa kuti, tsopano ine ndikhalire moyo chiyani? Amene anapitiriza ndi amene anapeza chifukwa china chotalikirapo. Wina ankafuna kudzaona mwanayo akulemba mayeso a Fomu 4. Wina anali yekha wosamala mayi ake okalamba. Ndipo analipo owerengeka amene anafika pozindikira kuti moyo wawo iwo eni ndi wamtengo wapatali, ngakhale pasakhale wina woti amusamale.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa ife amayi tinaleredwa kukhalira ena. Kuyambira tili atsikana timadya pomaliza, timagona pomaliza. Zimenezi zili ndi ulemerero wake, ndipo mabanja ambiri aima chifukwa cha amayi otere. Koma kodi mayi amene ana ake akula n'kupita ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, mwamuna wake n'kumwalira, watha ntchito? Ndaona amayi amasiye a msinkhu wangawu akuleka kumwa mankhwala a shuga, akuleka ngakhale kuphika chakudya chenicheni, akuti ndiphikire yani. Ena mwa ife timaganiza kuti kudzisamalira wekha ndi kudzikonda kumene Malemba amaletsa. Ine ndikuti ayi. Lamulo lakuti tikonde anzathu limayezera chikondicho pa mmene timadzikondera ife eni. Amene amadziona ngati chiwiya chongogwiritsa ntchito, tsiku limene ntchito yatha adzadzitaya kuseri kwa nyumba. Mulungu sanatilenge kuti tikhale mbale za anthu ena basi. Anatibatiza ndi dzina lathulathu tisanakwatiwe ndiponso tisanabereke.

Wina anena kuti, kodi cholinga cha Mkhristu aliyense si chimodzi, kutumikira Mulungu? N'zoona. Koma mawu amenewa akangokhala pakamwa sagwira munthu dzanja nthawi ya mayesero. Ayenera kutsika mpaka afike pakhomo pako, pa dzina la munthu, pa ntchito imene iwe ukuidziwa kuti ukapanda kuichita palibe wina aichite. Pa Luka 11 Ambuye akufanizira munthu amene mzimu woipa wamuchoka ndi nyumba yosesedwa bwino. Mzimu uja ukabwerera n'kupeza malo, umaitana anzake asanu ndi awiri, ndipo mapeto ake amaipa kuposa poyamba. Malonjezo athu ambiri a Lenti ndi kusesa kokha. Tachotsa miseche, koma madzulo aja amene tinkakhala pakhonde kudya anthu sitinaikemo kanthu. Mayi amene wasiya miseche chifukwa wayamba kuphunzitsa atsikana a m'mudzi mwake kusoka, nthawi ya miseche alibenso, ndipo pakamwa pake pali nkhani ina.

Amene anayambitsa bungwe lathu la Mothers' Union, Mary Sumner, anabadwa mu 1828, ndipo bungweli analiyamba mu 1876 m'parishi ya Old Alresford ku England, kumene mwamuna wake George anali wansembe. Werengani zakazo: anali atayandikira zaka 50, ali kale agogo. Chinamukhudza ndi kubadwa kwa mdzukulu wake, pamene anakumbukira mmene iye mwini anasowera pogwira atangobereka mwana woyamba. Anaitana amayi a m'parishimo, olemera ndi osauka omwe, koma pa msonkhano woyamba mantha anamugwira mpaka anapempha mwamuna wake kuti alankhule m'malo mwake. Ulendo wachiwiri analankhula yekha. Kwa zaka 9 bungweli linali la parishi imodzi yokha, mpaka mu 1885 pamene analankhula pa msonkhano waukulu wa mpingo ku Portsmouth. Zaka 9 popanda kutchuka! Wongotengeka akanaleka chaka chachiwiri. Timamukumbukira pa 9 August chaka chilichonse, koma kawirikawiri timaiwala kuti cholinga chake anachipeza pa msinkhu umene ambiri a ife timati zathu zinatha.

Tsopano funso lovuta: kodi cholinga tingamupatse munthu wina? Ndikukayika. Tingamupatse malangizo, tingamuperekeze kuchipatala, koma chifukwa chokhalira moyo sichibwerekedwa ngati chitenje cha paukwati. Chimene tingachite ndi kumufunsa ndi kudikira yankho. Pa Yohane 5 timawerenga za munthu amene anadwala zaka 38, ali gone pa thamanda la Betesda. Yesu asanamuchiritse anayamba wamufunsa ngati akufuna kuchira. Ena angati funso lachabe, wodwala angakane kuchira? Anamwino akudziwa kuti si lachabe. Munthu akadwala nthawi yaitali, kapena akakhala m'chizolowezi choipa zaka zambiri, amaiwala kuti iye mwini amafuna chiyani.

Taonaninso kuti wodwala uja sanayankhe kuti inde. Anadandaula kuti alibe munthu womuika m'madzi. Ndipo dandaulo lake linali loona, Yesu sanamudzudzule nalo. Tisapite m'midzi n'kumauza mayi aliyense amene wasiya mankhwala kuti alibe cholinga. Wina cholinga ali nacho, chimene alibe ndi ndalama ya minibasi. Wina mankhwala amamupweteka m'mimba chifukwa wagona ndi njala. Wina mwamuna wake anamuopseza kuti akadzaona botolo m'nyumba, banja latha. Kwa otere ulaliki wa cholinga ndi chipongwe ngati sitinabwere ndi ufa, kapena sitinapeze njira yoti ansembe ndi ankhoswe alankhule ndi bamboyo.

Pa maulendo athu oyendera odwala ndi ofooka mu mpingo tili ndi chizolowezi cholowa m'nyumba tili khumi, kuimba, kupemphera, kulangiza mmodzimmodzi, n'kutuluka mwini nyumba asananene china choposa zikomo. Ndikupempha atsogoleri a nthambi kuti pambuyo pa ulendo wa gulu, amayi awiri okha, osunga chinsinsi, azibwereranso tsiku lina opanda yunifomu. Akhale pamkeka, athandize kusadzula ndiwo kapena kutongola chimanga, ndipo afunse mwakachetechete kuti, amayi, inu mumafuna kudzaona chiyani Mulungu akakusungani zaka zisanu zikubwerazi? Ambiri adzaseka, ena adzati sindikudziwa, pakuti chibadwire palibe anawafunsapo funso lotere. Musawayankhire, ndipo musathamangire kutsegula Baibulo kuti mudzaze chetelo. Tsanzikani bwino, n'kupangana tsiku lobweranso sabata yamawa.