Kodi munthu akakalambire kuti?

Ife a ku Angónia tidziwa ulendo. Pakati pa Ulongwe, Domwe ndi Kalomwe nkovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana wake kunja. Wina ali ku Lilongwe, wina ku Harare, wina ku Joni. Onse pocoka amanena mau amodzi: "Ndikagwire nchito pang'ono, ndibwera." Zaka zimapita, imvi zimamera, tsono limafika tsiku lofunsa: kodi ndibwerere kwathu, kapena ndikalambire konkuno?

Funso ili likhudza wapaulendo. Likhudzanso mkazi wotsala pakhomo, ana, ndi mfumu yosunga malo. Tiyeni tiliganizire pamodzi.

Makolo athu adali alendo

Tisanaweruze munthu wokalambira kunja, tikumbukire kumene tidacokera. Angoni a Maseko adacokera kutali kummwera. Adaoloka Zambezi, nayenda zaka zambiri asanakhazikike m'tsinde mwa phiri la Domwe. Adapeza Acewa, nakwatirana nao, natenga cilankhulo cao. Mafupa ao ali m'dziko limene sadabadwiremo. Dziko lomwelo ife lero tilicha kwathu.

Malire adadza pambuyo. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi adagawana dziko potsata madzi. Kumene madzi atsikira kum'mawa, kunyanja ndi ku Shire, adati nkwa Angelezi. Kumene atsikira kumadzulo adati nkwa Apwitikizi. Mzerewo udapita pakati pa abale. Ncifukwa cake kwa ife Dedza ndi Ntcheu ndi dziko lina pa citupa pokha. Cinyanja ncimodzi, nsima njimodzi, maliro timalira pamodzi. Wokalambira ku Dedza angathe kufika pa maliro a ku Kalomwe ndi njinga. Wokalambira ku Johannesburg amamva uthenga anthu atabwera kale kumanda.

Kale ambiri sadasankhe

M'nthawi ya atsamunda anthu ambiri sadacoke mwa kufuna kwao. Adathawa msonkho ndi cibalo. Ena adaolokera ku Nyasaland. Ena adatsikira ku minda ya fodya ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena adafika mpaka ku migodi ya golide ya ku Joni. Amene sadabwerenso tidawacha machona.

Pa nkhondo ya zaka 16 tidathawanso, makamaka kuyambira mu 1986. Anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi adalandiridwa ku Malawi. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri adakhala m'midzi, pakati pa eni malo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri adabwerera, ndipo pofika 1995 nchito yobweza othawa nkhondo idatha. Ena adatsala komweko cifukwa ca maukwati, minda ndi manda a ana ao.

Wothawa moto sasankha njira. Koma mnyamata kapena mtsikana wocoka lero ali ndi nthawi yoganiza. Iyeyu ndiye tikumufunsa: dziko ukusankhalo, walisankha ndi muyeso wanji?

Nchito ifuna cina, ukalamba ufuna cina

Wacinyamata posankha dziko amafunsa malipiro. Amafunsa kuti ndalama ya kumeneko akaisintha ipatsa mameticali angati. Funso ili nlabwino, pakuti munthu sadya dzina la mudzi. Koma nkhalamba imafunsa zina. Ndikadwala, andiphikira phala ndani? Manja akatopa, ndidya ciani? Nyumba ndikugonayi, kodi sandicotsamo nchito ikatha? Ndikafa, andiika ndani?

Timamva za okalamba a ku England amene amapita kukapuma ku Portugal kapena ku Spain, kutsata dzuwa. Iwo amanyamula penshoni yao, ndipo imawatsata mwezi ndi mwezi. Ife timanyamula mphamvu za m'manja, ndipo mphamvu zimatha. Dziko limene likufuna manja athu lero silidalonjeze kutisunga mawa. Akulu adati: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimene zidagwera anzathu m'maiko atatu zitiphunzitse.

Phunziro loyamba: citupa

Ku Zimbabwe kudali mabanja ambiri ocokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete kuno. Adagwira nchito m'minda ya Azungu ndi m'migodi zaka makumimakumi. Ana ndi adzukulu adabadwira komweko. Adali ndi machalichi ao, mabungwe ao a maliro, ngakhale gule wamkulu. Koma nyumba idali ya mwini munda, ndipo m'midzi ya eni dziko ambiri adalibe malo.

Mu 2000 minda ya Azungu idayamba kulandidwa. Anchito ambiri adataya nchito ndi nyumba tsiku limodzi. Mu 2001 lamulo la unzika lidasintha, ndipo ambiri obadwira komweko adawerengedwa alendo cifukwa ca kumene makolo ao adacokera. Malamulo akulu a dzikolo a 2013 adabwezera unzika kwa ambiri a iwo, koma zaka khumi ndi ziwiri zidali zitapita. Nkhalamba zina zidafa zilibe malo uko, zilibenso malo kuno.

Kukhalitsa pa malo sikupatsa munthu ufulu wa malowo. Wofuna kukalambira kunja ayambe ndi makalata ake akali ndi mphamvu.

Phunziro laciwiri: ndalama zosungidwa ndi ena

Mu 1979 Mozambique idapangana ndi Germany ya kum'mawa zotumiza acinyamata kukagwira nchito m'mafakitale. Adapita pafupifupi 20,000. Gawo la malipiro ao linkadulidwa ndi kutumizidwa kuno, kuti adzalandire pobwera. Mu 1990 Germany ya kum'mawa idatha, ndipo ambiri adabwezedwa kwao. Anthu adawacha Madjermane. Kwa zaka zambiri adayenda m'miseu ya Maputo Lacitatu lililonse, kufunsa ndalama zao.

Onani, anzathu: dziko limene adakagwirako nchito lidafafanizika pa mapu iwo akali anyamata. Boma limasintha, lamulo limasintha, ndalama imagwa. Munthu asaike ukalamba wake wonse m'thumba limodzi limene cingwe cake cili m'manja mwa wina.

Phunziro lacitatu: thupi

Migodi ya golide ya ku South Africa idalipira bwino kuposa munda. Koma fumbi la mwala limalowa m'mapapo, ndipo nthenda yake imaoneka patapita zaka. Amuna ambiri adabwera kwao ndi njinga, wailesi ndi cifuwa cosatha. Mgodi udatenga unyamata wao, mudzi udalandira matenda ao. Odwazika adali akazi ao ndi alongo ao.

Mu 2018 makampani 6 a golide adavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa odwala nthenda ya fumbi ndi cifuwa cacikulu, ndiponso kwa mabanja a omwalira. Bwalo la milandu lidavomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo. Koma wopempha ayenera kuonetsa umboni wakuti adagwiradi nchito pa mgodi wakuti, zaka zakuti. Pamenepa kapepala kakale kosungidwa m'sutikesi kamaposa mau a mboni khumi. Amene aphunzira kuwerenga angathe kusunga ndi kumvetsa mapepala otere, ake ndi a makolo ake.

Kodi kutsala kunja nkulakwa?

Ena mwa ife amati: kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Amati munthu ayenera kubwera kudzafera pa nthaka ya makolo, ndipo wokalambira kunja wataya mtundu. Mau awa ali ndi nzeru. Kwa eni munthu amakhala ndi mantha amene kwao sakhala nao. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa ku South Africa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo ena mwa iwo adali a ku Mozambique. Zikwi za anthu zidathawa ndi zobvala za pathupi zokha.

Koma timve mbali inanso. Mu 1995 boma la South Africa lidalola anchito a m'migodi ocokera kunja, amene adagwira zaka zambiri, kupempha cilolezo cokhala kwamuyaya. Pafupifupi theka adapempha, theka sadapemphe. Onse adali ndi zifukwa. Mu 2004 bwalo lalikulu la malamulo la dzikolo lidaweruza mlandu umene adasuma anthu ocokera ku Mozambique. Lidati mlendo wokhala ndi cilolezo cokhala kwamuyaya ayenera kulandira thandizo la boma la okalamba monga nzika. Koma thandizolo limaperekedwa kwa wokhala m'dzikomo. Tsono taganizani nkhalamba imene ana ake onse ali uko, cipatala cake cili uko, thandizo lake la pamwezi lili uko. Kodi tiiuze kuti isiye zonsezi, ibwere kudzagona m'bwinja? Tikatero tikufuna mafupa ake, moyo wake sitikuusamala.

Ife tikuti kutsala kunja si mlandu. Mlandu ndi kusiya mkazi ndi ana opanda mau, opanda thandizo, zaka zambiri. Mlandu ndi kulonjeza kubwera pamene mtima udatsimikiza kale kutsala, mkazi nakalamba akudikira. Wosankha kukalambira kunja anene poyera, kuti otsala adziwe cocita ndi munda, ndi nyumba, ndi moyo wao.

Mbali ya ife otsala

Pali cinthu cimene siticikamba kawirikawiri. Machona ambiri sadatsale cifukwa cokonda dziko la eni. Adatsala cifukwa ca manyazi. Adacoka akulonjeza malata ndi ng'ombe, koma adakalamba ndi bulangeti limodzi. Adadziwa kuti akafika anthu adzayang'ana katundu poyamba, nkhope pambuyo. Adaopa funso lija: "Zaka zonsezi, mwabwera ndi ciani?"

Ngati timavinira wobwera ndi galimoto, ndi kuseka wobwera cimanjamanja, ndiye kuti ife tomwe tikupanga machona. Pamene tidathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu tidafika opanda kanthu. Eni malo adatipatsa pomanga msasa ndi potunga madzi. Amene tidalandiridwa cotero tisakanize mbale wathu mphasa cifukwa wabwera wosauka. Mlendonso amene wasankha kukalambira pakati pathu, wa ku Malawi kapena wa kwina, timusunge monga tifuna kuti ana athu asungidwe kumene ali.

Za mapanga awiri

Wina adzati: mapanga awiri abvumbwitsa. Zoona, munthu wosatsimikiza mtima amamanga theka la nyumba uko, theka kuno, nafa alibe pogona. Koma kusunga njira ya kwanu sikufuna nyumba ziwiri. Kumafuna zinthu zazing'ono zocitika nthawi zonse: kutumiza cipepeso pa maliro, kubwera ndi ana kuti adziwe amalume ao ndi azakhali ao, kuwaphunzitsa Cinyanja, kusunga citupa ca kwanu cisathe nchito.

Za munda tidziwenso izi. Lamulo la malo la 1997 lidati nthaka ya Mozambique nja boma, siigulitsidwa. Lidazindikira ufulu wa wolima malo a makolo mwa mwambo. Lidazindikiranso ufulu wa nzika imene yagwiritsa nchito malo mwa mtima woona kwa zaka 10. Tsono wocoka asangosiya munda kuti umere tsekera. Ausiye m'manja mwa mbale, pamaso pa mfumu ndi mboni, ndipo mau ake alembedwe. Milandu yambiri ya malo imabuka cifukwa wocoka adangokhulupirira kuti anthu adzakumbukira.

Muyeso wake

Dziko lokalambiramo tiliyese ndi tsiku limene sitidzathanso kugwira khasu. Tifunse zinthu zinai. Kodi lamulo la kumeneko lindilola kukhala nchito itatha? Kodi ndili ndi pogona pamene palibe angandicotse? Kodi ndalama za ukalamba wanga zidalembedwa m'dzina langa, ndipo ndingazilandire ndili kuti? Kodi alipo anthu amene ndidalira nao maliro ao, amene adzabwera ndikadwala?

Mafunso awa ayenera kufunsidwanso za kwathu konkuno. Munthu amene adacoka zaka 40 zapitazo, osalemba kalata, osatumiza ngakhale mcere, angafike pa mudzi wobadwira napeza kuti ndi mlendo. Kwao kwa nkhalamba ndi kumene idasamala anthu ikali ndi mphamvu. Kungakhale ku Kalomwe, kungakhale ku Dedza, kungakhale kutsidya la Limpopo. Nchito yokonza malo amenewo iyambe caka comwe munthu walandira malipiro oyamba.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu alipo amene adapita kunja osabweranso? Mabanja ao adakhala bwanji?
2. Cifukwa ciani anchito a m'minda ya ku Zimbabwe adabvutika kuyambira mu 2000?
3. Chulani mapepala amene munthu wogwira nchito kunja ayenera kusunga.
4. Mbale akabwera atakalamba, alibe kanthu, mudzi ucite ciani?
5. Lembani kalata yaifupi kwa mbale wanu ali kunja, yomufunsa za maganizo ake a ukalamba.