Mutu umodzi susenza denga

Aliyense wa ku Linthipe amene anaonapo denga la nkhokwe likukwezedwa amaudziwa mwambi uwu. Denga amalimangira pansi, koma polikweza amaitana anansi, wina agwire apa wina apo.

Intaneti ya masukulu aukachenjede nayonso ndi yolemera chomwecho. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho mawaya apansi pa nyanja amafikira ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo kuti atipeze timalipira mitengo yokwera. Wofufuza wa ku Ulaya, kudzera mu GÉANT, intaneti ya maphunziro ya kumeneko, amatumiza zotsatira za kafukufuku wake m'kanthawi kochepa, pamene mnzake kuno amadikira, nthawi zina mpaka magetsi kuthima. Nzeru ndi zofanana, chosiyana ndi njira.

N'chifukwa chake mu 2005 mabungwe a intaneti ya maphunziro a ku Malawi, Kenya, Mozambique, Rwanda ndi South Africa anagwirizana n'kuyambitsa UbuntuNet Alliance. Ofesi yake ili ku Lilongwe m'dziko momwe muno, ndipo Malawi amaimiridwa ndi bungwe lake la intaneti ya maphunziro la MAREN. Mabungwewa akagula intaneti pamodzi mtengo umatsika.

Komabe denga silinakhazikike. Wophunzira wa zankhalango ku Chongoni, ngakhale mphunzitsi wa sekondale kuno ku Linthipe, ayenera kuwerenga zimene anzake a ku koleji ya Bunda akuwerenga popanda kuthera malipiro ake pa bandulo ya foni. A boma ndi aphungu athu, fikitsani MAREN kumakoleji ndi kumasukulu akumidzi.