Kodi Kabawi Ali ndi Mlandu?

Munthu akaima m'minda ya tiyi ku Thyolo, kaya ku Satemwa kaya ku Naming'omba, nayang'ana kum'mawa, aona matanthwe a phiri la Mulanje. M'matanthwe otere ndimo mukhala kabawi uja Azungu amutcha peregrine. Msana wake ngwotuwa moderako, chifuwa nchoyera cha mizere yakuda, ndipo pansi pa diso pali banga lakuda lotsikira kutsaya. Wamkazi aposa wamwamuna kukula. Chisa samanga ai. Angopalasa pathanthwe poti nkukhazikapo mazira, basi.

Pofuna chakudya akwera kutali mumlengalenga. Akaona njiwa ilikuuluka apinda mapiko, natsika ndi liwiro loposa makilomita 300 pa ola, naimenya ndi mapazi isanazindikire kanthu. Pa zamoyo zonse palibe china chaliwiro lotere.

Tsono woweta nkhunda, ataona khola lake lilikuchepa, ati mbalameyi njankhanza, ndipo atuma ana ndi malegeni. Kudandaula kwake nkomveka, pakuti nkhundazo ndizo ndiwo za alendo ake. Koma kodi nkhanza zilipo apa? Aphunzitsi a katekisimu adziwa bwino kuti tchimo lifuna zinthu ziwiri mwa wolichita: kudziwa ndi kufuna mwaufulu. Kabawi alibe zonse ziwiri. Sasunga chidani ndi njiwa. Akakhuta atera pathanthwe nakhala chete. Ngakhale mlandu wa anapiye umene anthu amsenzetsa, kawirikawiri eni ake ndi mphamba ndi akhwangwala, popeza iye agwira zouluka.

Mlandu weniweni udaoneka kwina. Nkhondo yachiwiri itatha, alimi a ku Ulaya ndi ku Amerika adathira mankhwala a DDT m'minda mwao. Mbalame zazing'ono zidadya poizoniyo, kabawi nadya mbalamezo, mazira ake nayamba kusweka mai ali chifungatire. Alimiwo sadafune kupha kabawi, ndipo poyamba sadadziwe, mwina nkuwakhululukira. Koma m'chaka cha 1967 Mngelezi wina, Derek Ratcliffe, adasonyeza kuti zikamba za mazirawo zidapyapyala kuyambira nthawi ya mankhwala aja, ndipo umbuli sudakhalenso pobisalira. Dziko la Amerika lidaletsa DDT m'minda mu 1972, patapita zaka 5, kum'mawa kwa dzikolo akabawi oswana atatha kale. Adachita kuwaweta ndi kuwabwezera kumatanthwe, ndipo mu 1999 ndipo adawachotsa m'kaundula wa zamoyo zotsala pang'ono kutha.